Chikho Wapata, Mayeso Walephera

Buckie,
Lachisanu, kumapeto kwa Febuluwale

Wokondedwa mlongo wanga Alick,

Ndikhulupirira kuti muli bwino kumeneko, iwe pamodzi ndi mlamu wanga Rhona, ndiponso kuti chisanu cha ku Alberta sichinakudule zala. Msana uja ukuti bwanji? Unapita kuchipatala, kapena ukudikirabe kuti uchire wokha?

Kuno tilipo. Mphepo ya kunyanja yasasula matailosi angapo padenga la kuseri, koma akonza kale. Bambo ali bwino, kupatula bondo lomwe lija. Adokotala akuti mtima wawo ndi wolimba ngati wa munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi. Za pakamwa pawo sindikufunika dokotala woti andiuze.

Ndasankha kulemba kalata m'malo moimba foni chifukwa pafoni umangoseka, n'kunena kuti zitheka achemwali, kenako n'kuyamba kufunsa za mpira. Kalata sungaidule mawu. Uiwerenge mpaka kumapeto.

Nkhani ndi ya mwana wako. Pamene munkanyamuka munandisiyira Kirsteen kuti amalize sukulu kuno, ndipo ndinalonjeza kuti ndizikuuza zinthu monga momwe zilili. Ku koleji ya unamwino amulonjeza malo, koma pokhapokha akakhoza Chingerezi pamayeso a mu Meyi. Maphunziro ena onse sakumuvuta. Mu Januwale analemba mayeso oyeserera a Chingerezi, ndipo walephera. Sanaphonye pang'ono ayi, wagwa chagada.

Iwe zimene wamva ndi za chikho cha mpikisano wolakatula ndakatulo. Chithunzi unachiona, Kirsteen atanyamula chikho, Bambo ali pambali pake atatupa ngati ndi iwo apambana. Unayankha kuti wanyadira, ndipo unawonjezera kuti azimvera agogo ake. Mawu omalizawo ndi amene andilembetsa kalatayi.

Chiyambire Novembala, Bambo akhala akubwera kwathu tsiku lililonse mwana akangoweruka. Amamuimika kutsogolo kwa moto, mapazi pamodzi, chibwano m'mwamba, n'kumamuloweza ndakatulo ya ku mgonero wa mu Januwale wa bungwe lawo lija la okonda ndakatulo. Ndakatulo yake ukuidziwa. Ndi ya mayi amene akulongedza sutikesi ya mwana wake wopita kutsidya la nyanja, uku akumukalipira za masokosi obooka ndi za atsikana a kumadoko. Bambo anapata nayo chikho ali mnyamata, iwenso unapata nayo.

Poyamba sindinaletse, chifukwa ndakatulo yomweyo ili m'gulu la zimene asankha kuti zifunsidwe pamayeso chaka chino. Ndinkati akaidziwa pamtima zimuthandiza.

Tsiku la mgonero holo inadzaza. Atatha kudya hagisi, chakudya chathu chija cha zam'kati mwa nkhosa, mabotolo a wisiki atafika pakati, anamuitana Kirsteen. Anachita zonse zimene anaphunzitsidwa. Pa masokosi analoza chala, pa atsikana a kumadoko anagwira m'chiuno, mawu a Chisikoti, chinenero cha makolo athu, akutuluka bwinobwino ngati anabadwira m'boti. Azibambo anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsalu za patebulo. Chikho Bambo anachinyamula okha pobwerera, atachifunditsa jekete ngati khanda.

Patangopita masiku ochepa, aphunzitsi ake a Chingerezi, mayi Cruickshank, anandiitanitsa kusukulu n'kundionetsa pepala lake la mayeso. Funso linkati afotokoze mmene wolemba akuonetsera zimene zili mumtima mwa mayi uja. Kirsteen analemba ndakatulo yonse kuchokera m'mutu, kuyambira mzere woyamba mpaka womaliza, osaphonya ngakhale mpumiro. Alick, ndakatuloyo inali itasindikizidwa kale papepala la mafunso, pamaso pake pomwepo. Anathera nthawi yake kukopera chinthu chimene omufunsawo anamupatsa okha. Pofika pa funso la buku la nthano yaitali, nthawi inali itatha, ndipo analemba theka la tsamba.

Mayi Cruickshank sanadabwe. Akuti pafupifupi chaka chilichonse amalandira pepala lotere, ndipo nthawi zonse limachokera m'nyumba momwe muli chikho.

Nditafika kunyumba ndinamufunsa Kirsteen chimene ankaganiza. Amvekere, koma azakhali, sindinalakwitse ngakhale liwu limodzi. Ndinati chabwino, tandiuza tsono, mayi uja akumva chiyani mu ndime yachitatu? Anaganiza kanthawi, n'kundiyankha kuti agogo amati pamenepo ndi pogwira m'chiuno.

Nkhaniyi ndinapita nayo kwa Bambo, pepala lili m'manja. Sanafune n'komwe kuliona. Amvekere, mayeso a mtundu wanji olepheretsa mwana amene akudziwa ndakatulo yonse pamtima, olemba mafunsowo akapimitse mitu yawo. Anati ndakatulo si nsomba yoti uziitumbula patebulo n'kumayang'ana matumbo. Kenako anatembenukira kwa ine. Akuti iwe Ishbel unabadwa ndi pensulo m'manja, ukanakhalapo tsiku lolenga dziko ukanamuimitsa Mulungu kuti afotokoze kaye chimene akutanthauza.

Komwe maganizo amenewa akuchokera ndikukudziwa, ndipo sindikuwanyoza. Bambo ali pasukulu ankamenyedwa ndi lamba chaka chonse akangolankhula Chisikoti m'kalasi. Likafika tsiku limodzi la mu Januwale, aphunzitsi omwewo ankawaimika pansanja kuti alakatule m'chinenero chomwecho, n'kuwapatsa buku ngati mphoto. Palibe amene anawafunsapo tanthauzo. Choncho kwa iwo ndakatulo ili ngati suti ya paukwati. Umaivala kamodzi pachaka, anthu n'kuombera m'manja, n'kuibwezera mukabati. Ndikumvetsa. Koma kumvetsa kwanga sikuwonjezera malikisi papepala la mwana wako.

Za mabuku a mphotowo palinso nkhani. Buku limene Kirsteen akuyenera kuwerenga ndi limodzi mwa akale aja, lonenepa, la zilembo zing'onozing'ono, ndipo Bambo ali nalo mukabati ya magalasi ya pabalaza. Nditawapempha, anatulutsa kiyi, n'kumuuza mwana kuti asambe kaye m'manja. Atalitsegula linalira ngati chitseko cha nyumba yosagonamo anthu. Ndinawafunsa Bambo ngati analiwerengapo. Anati akudziwa kuti ndi buku labwino, safunika kuliwerenga kuti adziwe zimenezo. Tsiku lotsatira atamupeza Kirsteen akulemba m'mbali mwa tsamba, anamulanda ngati amugwira akukanda khoma la tchalitchi.

Ndinakamugulira lina m'sitolo ya zinthu zogwiritsidwa kale ntchito, chikuto chake chong'ambika. Ndinamuuza kuti alembemo, apinde masamba, ngakhale tiyi atayiremo.

Kuyambira pamenepo ndakhala ndikumuphunzitsa monga ndimachitira ndi gulu langa la Lachiwiri ku laibulale, akuluakulu aja amene anasiya sukulu kalekale ndipo amaopa mabuku akale ngati apolisi. Palibe zachilendo. Amawerenga mutu umodzi patsiku. Anthu a m'bukumo ndi maubale awo wawajambula pakatoni n'kumata pakhomo la firiji. Wolemba akayamba kufotokoza phiri masamba ambirimbiri, ndimamulola kudumpha, adzabwererako akadziwa chifukwa chake phirilo lilipo. Akamaliza mutu, amandifotokozera zimene zachitika m'mawu akeake uku tikusenda mbatata.

Sabata yoyamba anandiuza kuti bukulo ndi la anthu olemera amene akungomwa tiyi n'kumadikira kuti wachibale afe. Ankayembekezera kuti ndimukalipira. Ndinamuuza kuti limenelo ndi yankho lake loyamba lanzeru chaka chino, alilembe, kenako apeze tsamba lochitira umboni. Anapeza atatu.

Ndakatulo ndinamuletsa kuiwerenga choimirira. Ndinamukhazika pampando, manja patebulo. Mawu ovuta sanamutayitse nthawi, chifukwa ambiri amawamva tsiku ndi tsiku pakamwa pa agogo ake, kungoti sanaganizepo kuti mawu a m'ndakatulo ndi omwewo a m'khitchini. Ndinamupatsa mafunso amene ndimapatsa aliyense woyamba kumene: akulankhula ndani, akulankhula ndi yani, ndipo wolankhulidwayo ali kuti.

Awiri oyambawo anayankha mosavuta. Pa lomaliza anandiyang'ana ngati ndapenga, amvekere, ali pomwepo m'chipindamo azakhali, nanga angamakalipire ndani? Ndinamuuza kuti andionetse mzere umene mnyamatayo akuyankha, kapena kutsokomola, kapena kusuntha phazi. Anafufuza. Palibe.

Kenako anafika pa ndime yoyandikira kumapeto, imene Bambo amaphunzitsa kuti uziithamangitsa chifukwa anthu amakhala akusekabe za atsikana a kumadoko. Iwenso unkaithamangitsa. Mmenemo mayi uja akudandaula kuti njenjete zadya juzi imene analongedza chaka chatha. Kirsteen anawerenga mzerewo mobwereza, milomo ikuyenda. Sitima inapita kalekale, Alick. Mnyamatayo ananyamuka zaka zapitazo. Mayiyo amatulutsa zovala zimene mwana anasiya, n'kuzipindanso, n'kumakalipira chipinda chopanda munthu.

Mwana wako anakweza maso kuchoka papepala. Kenako anafunsa kuti, azakhali, ndiye anthu aja ankaseka chiyani?

Ndinamuuza kuti funso limenelo alilembe pamwamba pa pepala, ndipo aliyankhe ndi mizere ya m'ndakatulomo. Analemba masamba awiri. Ndinawapereka kwa mayi Cruickshank osawauza kanthu, ndipo anachonga monga amachongera mayeso enieni. Wakhoza, ndiponso bwino. Aka n'koyamba kukhoza phunziroli chiyambire chaka. Mwanayu si mbuli. Ankangofunika kumukhazika pansi.

Loweruka lapitali a bungwe aja anamuitana kuti akalakatule pa nkhomaliro ya okalamba ku holo ya tchalitchi, chikho chili patebulo kuti anthu achione. Ine sindinamuuze chochita, ndikunenetsa. Anayamba monga kale, ndipo anthu anaseka, pakuti ndime zoyambazo n'zoseketsadi. Atafika pa juzi ija anatsitsa manja n'kuyamba kulankhula pang'onopang'ono. M'holo munati zii. Mayi wina wokalamba, amene ana ake onse ali ku Australia, anadzuka n'kukalowa kukhitchini, ndipo sanabwerenso. Mwana atamaliza, panapita nthawi anthu asanayambe kuomba m'manja. Bambo anangoyang'ana nsapato zawo.

M'galimoto pobwerera ndi mmene anatsegula pakamwa. Akuti ndamuononga mwana, ndamuchotsa mchere, ndasandutsa nkhomaliro ya anthu kukhala maliro. Amvekere, zaka zonsezi anthu akhala akuseka ndakatulo imeneyi ndipo palibe amene anafa nako kusekako. Ndinawayankha kuti zaka zonsezo mzere wa juzi unalipo, sindinaulembe ndine. Kirsteen anali kumpando wa kumbuyo, chikho chili pamiyendo, akuyang'ana panja.

Tsono vuto lenileni ndi ili. Opambana m'matauni onse amakakumana pa mpikisano waukulu wa dziko lino mumzinda wa Perth kumapeto kwa Epulo, patangotsala masiku ochepa kuti mayeso ayambe. Kumeneko safuna ndakatulo imene unapambana nayo kale. Amafuna yatsopano, ndiponso yaitali. Bambo amulembetsa kale, osandifunsa, ndipo asankha ina yoti kuiwerenga kokha tiyi amazizira. Akufuna madzulo onse a mwanayu abwerere kwa iwo, ndipo alamula kuti ine ndisayandikire ndi mafunso anga.

Ziwirizi sizingatheke pamodzi. Akaweruka kusukulu amakhala ndi maola ochepa asanatope, ndipo ndi maola omwewo amene tonse awiri tikulimbirana. Buku lija wangofika nalo pakati. Ndakatulo zina za pamayeso sitinazikhudze n'komwe. Nthawi yotsalayi ndi yokwanira ngati atamusiya, koma si yokwanira ngati azithera madzulo ali chiimire kutsogolo kwa moto. Akalephera mu Meyi, malo ake a ku koleji apita kwa wina, ndipo chaka chathunthu chatayika. Chikho cha ku Perth sadzapita nacho kuchipatala kukafunsira ntchito.

Kirsteen sangawakanire agogo ake. Amawakonda, ndipo waona mmene nkhope yawo inagwera Loweruka lija. Ndikamufunsa chimene iye akufuna, amati akufuna unamwino, n'kuwonjezera kuti koma adadi anati ndizimvera agogo. Uthenga wako umodzi, umene ndikudziwa kuti unalemba uli chiimire pamzere wogula khofi, wasanduka lamulo m'nyumba muno.

Zonsezi ndinawafotokozera Bambo mwachifatse, ndi kalendala patsogolo. Anati ine sangandimvere, mwana si wanga. Akuti mwana ndi wa Alick, ndipo Alick akawauza ndi pakamwa pake kuti asiye, asiya tsiku lomwelo. Osati uthenga wodzera pafoni ya mwana, osati kalata, koma mawu ake enieni. Ananena zimenezi mobwereza, ngakhale ndinali nditamva kale.

Chiyambire Loweruka sanadyenso kwathu. Dzana anabwera masana, Kirsteen ali kusukulu. Anakana tiyi, anakana mpando, chipewa osavula. Anaima pawindo n'kumayang'ana kudoko, ndipo ndinkaganiza kuti abwera kudzapitiriza mkangano. M'malo mwake anafunsa, osandiyang'ana, ngati pali paliponse m'ndakatulo ija pamene akunena kuti mnyamatayo ankalemba makalata kwawo. Ndinawauza zoona, kuti ndakatuloyo sikunena. Amvekere, ndiye kuwerenga kwanuko kuli ndi ntchito yanji? Anatuluka, chitseko n'kuchisiya chosatseka.

Ukundidziwa, sindikonda kulosera za m'mitima ya anthu. Ndingokuuza zimene ndaziona. Iwe ndi Bambo munalankhulana komaliza pa Khirisimasi, ndipo zinali za nyengo. Kuchokera apo zonse zimadzera mwa Kirsteen. Uthenga wako wa chikho uja amuwerengetsa kangapo konse, mpaka mwana wauloweza nawonso. Zotsalazo uganize wekha, sukulu unapita.

Pempho langa ndi limodzi. Kalatayi ikangokupeza, uwaimbire Bambo Lamulungu lotsatira, akabwera kutchalitchi. Uimbe pafoni ya m'nyumba, ya m'manja ija saimva ndipo nthawi zambiri imakhala m'thumba la jekete lina. Uisiye iitane nthawi yaitali, bondo lija limawachedwetsa. Uwauze momveka kuti chaka chino ku Perth kulibe, mwana alembe kaye mayeso. Usanene kuti Ishbel ndiye wakutuma, ngakhale adziwa okha. Usazungulire, ndiponso usaseke.

Ukatero usadule msanga. Uwafunse za bondo, za anzawo a kudoko, za amene wamwalira ndi amene wakwatira. Akayamba kukulakatulira pafoni, uwasiye amalize. Kenako umuimbire Kirsteen, umuuze ndi pakamwa pako kuti akawakanira agogo ake pa nkhani iyi sanalakwire munthu.

Usatumize mphatso m'malo mwa foniyo. Ndidzaibweza.

Undiperekere moni kwa Rhona, umuuze kuti mwana wake akudya bwino ndipo watalika kundiposa. Moni kwa mnzako Calum ndi banja lake ngati mumaonanabe. Mulungu akusungeni nonse m'dziko lozizira limenelo, ndipo akuchiritse msana.

Kirsteen sakudziwa kuti ndakulembera. Pamene ndikumaliza pano ali m'khitchini ndi buku lake, ndipo ndikumumva akutukwana mwamuna wina wa m'nkhanimo amene wangosiya mkazi wake. Wafika pokwiyira munthu amene sanakhaleko n'komwe. Umuthandize kuti alimalize.

Ndine mlongo wako,

Ishbel